Kuchitsime: Kalulu akutidyera masewero

Pomwe tafika

Masewero athu a patebulo, amene pakadali pano tikuwatcha Kuchitsime, afika poti tikutha kusewera kuyambira pa "padangokhala" mpaka nkhani kutha popanda kuima n'kumafunsana kuti lamulo likuti chiyani. Kwa amene mukuwerenga zolembazi koyamba, masewerowa amayenda chonchi: anthu anayi amatenga nyama za m'nthano, wina Kalulu, wina Njovu, wina Kamba, wina Fisi, ndipo wachisanu amakhala Wanthano. Wanthano ndiye amafotokoza dziko, chilala, adani ndi zonse zimene nyamazo zikukumana nazo. Enawo amangonena zimene nyama yawo ikuchita. Pakakhala chikayiko ngati chinthu chitheke kapena ayi, timaponya madayisi awiri a Ludo, kuphatikiza manambala ake, n'kuwonjezera nambala ya luso la nyamayo. Zikakwana 10 kapena kuposa, chatheka bwinobwino. Zikagwera pa 7 mpaka 9, chatheka koma pali cholipira. Pa 6 kutsika pansi, zavuta, ndipo Wanthano ndiye anena chimene chagwa.

Kaponyedwe aka sitinakapeke ndife. Kanadziwika ndi masewero a Apocalypse World a Vincent Baker, amene anatuluka mu 2010. Tinakatengera chifukwa madayisi a mbali 6 aliyense ali nawo m'bokosi la Ludo, pomwe dayisi ya mbali 20 ya masewero ena amtunduwu otchedwa Dungeons & Dragons n'kuchita kuitanitsa.

Nyama iliyonse ili ndi maluso anayi: Mphamvu, Liwiro, Pakamwa ndi Kupirira. Manambala ogawa ndi omwewo kwa onse, +2, +1, 0 ndi -1, kusiyana n'koti aikidwa pati. Pamwamba pa apo, nyama iliyonse ili ndi lamulo lake lapadera. Papepala zonse zimaoneka zolingana. Patebulo sizili choncho, ndipo ntchito yonse ya mwezi uno yathera pamenepo.

Loweruka madzulo

Nkhani ya lero inali ija ya chitsime: chilala chavuta, nyama zakumba madzi, ndiye pali wina amene akuba usiku. M'masewero athu wakubayo si Kalulu, ndi gulu la anyani a kuphiri, ndipo nyama zinayi zatumidwa kukathana nawo.

Ndinaika kapu patsogolo pa wosewera aliyense ndi mulu wa zitsekerero za mabotolo pambali panga. Munthu akapanga chisankho chimene chasintha nkhani, kaya chatheka kaya chakanika, ndimaponya chitsekerero m'kapu yake. Sindimawerenga amene walankhula kwambiri, ndimawerenga amene wagamula. Pomwe timamaliza, kapu ya mlamu wanga, amene amasewera Kalulu, inali itatsala pang'ono kudzaza. Ya Fisi inali ndi zowerengeka. Ya Njovu ndi ya Kamba pansi pake pamaoneka.

Mmene zinachitikira ndi umu. Pakhomo la phanga panali mwala waukulu. Achimwene, amene amasewera Njovu, anayamba kukonza pakhosi kuti anene kuti aukankha. Alamu anawapondereza: "Dikirani kaye achimwene, musatope chabe. Ndimuuza nyani wolonderayu kuti mwalawu ukugwa, augwirire, ife tidutse mbali inayo." Anaponya, zinatheka. Pamtsinje, pomwe Kamba ndiye amayenera kuoneka, Kalulu ananyengerera ng'ona kuti iwawolotse. Usiku, nthawi ya Fisi, Kalulu ananamiza kadzidzi kuti akhale maso m'malo mwawo. Zonsezi zinali zoseketsa, palibe amene anakwiya. Koma nthawi ina ndinaona achimwene atulutsa foni pansi pa tebulo akuyang'ana zigoli za mpira, ndipo m'masewero ngati awa chizindikiro choipa kuposa chimenecho palibe.

Lamulo lapadera la Kalulu, lotchedwa Bodza, limati atha kugwiritsa ntchito Pakamwa m'malo mwa luso lina lililonse bola afotokoze chinyengo chake. M'nthano zili bwino, chifukwa kumeneko Kalulu ndiye mwini nkhani ndipo omvera amangoyankha "tili tonse". Patebulo omverawo ndi osewera anzake, ndipo nawonso anabwera kuti achitepo kanthu.

Lolemba usiku, masamu

Ndakhala ndi pepala n'kuwerengera. Madayisi awiri amagwa m'njira 36. Popanda chowonjezera, njira 15 ndi zolephera, 15 ndi zapakati, 6 zokha ndi zopambana kotheratu. Ndi +1 zimakhala 10, 16 ndi 10. Ndi +2 zimatembenuka: zolephera 6, zapakati 15, zopambana 15. Ndi +3 kulephera kwatsala njira zitatu. Ndi +4 kwatsala imodzi yokha mwa 36, ndiye kuti madayisi onse agwe pa 1.

Apa ndi pomwe madayisi awiri amasiyana ndi dayisi ya mbali 20. Pa ya mbali 20, +1 aliyense amangowonjezera 5 peresenti, kaya ndi woyamba kaya wachinayi. Pa madayisi awiri manambala amaunjikana pakati, pa 6, 7 ndi 8, ndiye ukangokankha pang'ono wasuntha mulu wonse. Kalulu ali ndi +2 pa Pakamwa. Mnzake akamuthandiza, +1. Akatulutsa nsupa ya uchi imene ali nayo papepala lake, +1 wina. Wafika pa +4 osatuluka thukuta.

Komabe nambala si imene yasokoneza kwambiri. Njovu nayo ili ndi +2 pa Mphamvu ndipo itha kufika pa +4 chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'koti Mphamvu imagwira ntchito pamwala, pamtengo ndi pandewu basi, pomwe Bodza limalowa paliponse. Maluso awiri atha kukhala ndi nambala yofanana koma lina n'kukhala ndi zitseko khumi, lina ziwiri. Ndikuona kuti anthu ambiri opanga masewero amathera nthawi kulinganiza kutalika kwa manambala, kuiwala kuyeza kutambalala kwake.

Zimene anzathu anadutsamo

Vutoli ndi lakale ngati masewero amtunduwu. Dungeons & Dragons ya Gary Gygax ndi Dave Arneson inatuluka mu 1974, ndipo kuyambira pamenepo mkangano wa kulinganiza wosewera wankhondo ndi wosewera wamatsenga sunathe. Poyamba amalinganiza pogwiritsa ntchito nthawi. M'malamulo ake a 1981 otchedwa Basic, wamatsenga amayamba ndi tsenga limodzi patsiku ndi moyo woponyedwa pa dayisi ya mbali 4, kotero kuti mbama imodzi yabwino imatha kumutsiriza. Kuti akwere pa gawo lachiwiri amafunika mapointi 2,500, pomwe wankhondo amafunika 2,000 ndipo wakuba 1,200 okha. Maganizo ake anali oti uvutike pachiyambi, udzadyerere kutsogolo. Koma akangokula, tsenga la Knock limatsegula loko amene wakuba anathera moyo wake kuphunzira kutsegula, Invisibility limamubisa kuposa wakubayo, ndipo Fly limathetsa nkhani yonse yokwera makoma. Ndi Bodza la Kalulu lomweli, kungoti lavala mkanjo.

Kulinganiza kotereku kumayenda ngati gulu limakumana zaka ndi zaka. Ife timakumana pomwe mpata wapezeka, wina ali kumaliro, wina kuntchito, wina kumunda. Sindingauze munthu kuti apirire miyezi sikisi akungoonerera chifukwa nthawi yake ikubwera.

Mu 2008 a kampani ya Wizards of the Coast anatulutsa mtundu wachinayi wa Dungeons & Dragons n'kuyesa njira ina: aliyense, wankhondo ndi wamatsenga yemwe, anapatsidwa mphamvu zokonzedwa mofanana, zina zogwiritsa ntchito nthawi zonse, zina kamodzi pankhondo, zina kamodzi patsiku. Masamu ake anali olongosoka kuposa kale lonse. Osewera ambiri anadandaula kuti onse ayamba kumveka chimodzimodzi, ndipo ochuluka anasamukira ku Pathfinder ya a Paizo, imene inatuluka mu 2009 itamangidwa pa malamulo a mtundu wa 3.5. Pa mtundu wachisanu wa 2014 anabwerera pakati: manambala owonjezera anawapanikiza kuti asathawe, ndipo m'malo mounjika ma +1 ndi ma +2 anabweretsa lamulo loti ukakhala pabwino uponye madayisi awiri n'kutenga yaikulu. Limenelo talibwereka, ndifotokoza m'munsimu.

Lachinayi, kuyesa kufananitsa onse

Tinayesa njira ya 2008 ija pang'ono. Nyama iliyonse inapatsidwa malamulo atatu omangidwa mofanana: lothetsera chotchinga, lothandizira mnzako, lopulumukira. Njovu imathetsa chotchinga ndi chitamba, Kalulu ndi pakamwa, Kamba ndi kudikira, Fisi ndi mano, koma kaponyedwe ndi zotsatira zake ndi zimodzi.

Makapu anadzaza mofanana ndithu. Koma tili pakati achimwene anaika pepala lawo pansi n'kunena kuti, "Ndiye kuti njovu yangayi ndi kalulu wonenepa basi?" Tonse tinaseka, koma mfundo yawo inali yoona. Pa bawo mbali zonse zimayamba ndi maenje 16 ndi njere zofanana, ndipo m'pomveka chifukwa awiriwo akulimbana, wina apambane wina agonje. Kuno osewera ali mbali imodzi. Palibe chifukwa choti Kamba athamange ngati Kalulu kapena Fisi anyamule ngati Njovu. Chimene chiyenera kufanana ndi mpata wogamula, kuti aliyense madzulo amenewo afike pomwe gulu lonse lamuyang'ana iye, ndipo chimene anene chisintha nkhani. Malamulo atatu ofananawo tawachotsa.

Tinakambirananso njira ya Ars Magica, masewero a 1987 a Jonathan Tweet ndi Mark Rein-Hagen. Kumeneko sabisa kuti amatsenga ndi amphamvu kuposa wina aliyense. M'malo mowachepetsa, osewera amasinthana: lero iwe usewera wamatsenga ine wantchito wake, ulendo wina tisinthana. Ndi nzeru yabwino, ndipo ndikanakonda kuiyesa. Mphwanga wamkazi, amene amasewera Kamba, anakana kwamtuwagalu. Kamba wake anamujambula kale pakona ya pepala, wavala chipewa, ndipo sakumupereka kwa munthu. Nkhani inathera pomwepo.

Malamulo atsopano

Bodza latsala, chifukwa Kalulu wosanama si Kalulu. Koma tsopano lili ndi malire atatu. Limagwira pa chinthu chokhala ndi makutu chokha, ndiye mwala, mtsinje ndi moto sizinamizika. Nyama imodzi sunganamize kawiri. Ndipo bodza lililonse lotheka limasiya chitsekerero chimodzi pakati pa tebulo, chimene tikuchitcha ngongole. Wanthano atha kutola ngongoleyo nthawi iliyonse n'kubweretsa wonamizidwa uja, atazindikira, atakwiya, ali ndi abale ake. Ngongoleyo si ya Kalulu yekha, imagwera gulu lonse.

Chachitatuchi ndicho chandisangalatsa kwambiri, chifukwa chimasandutsa mphamvu ya Kalulu kukhala ntchito ya anzake. Ng'ona yonamizidwa ikabwera, amene aime patsogolo ndi Njovu. Anyani akamasakasaka usiku, amene awanunkhize ndi Fisi. Ndipo n'zogwirizana ndi nthano zenizenizo: pachitsime paja Kalulu ananyenga alonda mmodzimmodzi ndi uchi wake, mpaka anadzakanirira pamsana pa Kamba. Nthano inali nayo kale ngongoleyo, kungoti imailipiritsa kumapeto.

Njovu tsopano siponya madayisi pa chilichonse chofuna mphamvu chimene n'chopepuka kuposa mtengo wa mlambe. Ikati ndakankha, chakankhika. Cholipira chake n'choti siingabisale, siingalowe kuphanga, ndipo podutsa imasiya njira yoti aliyense aitsate. Achimwene anafunsa ngati si kubera kusaponya madayisi. Ndinawayankha kuti njovu yolephera kuthyola nthambi chifukwa madayisi agwa pa 1 ndi 2 ndiye kubera kwenikweni.

Kamba ndiye anali wovuta. Liwiro lake ndi -1, ndipo nkhani zambiri zimayenda ndi miyendo. Kumupatsa liwiro n'kumupha. Tamupatsa lamulo lotchedwa Ndinanyamuka Dzulo: kamodzi pa masewero, wosewera atha kunena kuti Kamba anaziwoneratu izi, n'kufotokoza chimene anakonza kale, kaya anakwirira chingwe pamenepo, kaya anaika m'bale wake kutsidya, monga muja anachitira pa mpikisano wothamanga. Aponya Kupirira kuti tione ngati zokonzazo zagwira bwino. Lamulo lobwerera m'mbuyo chonchi lilinso m'masewero a Blades in the Dark a John Harper a 2017, kumene akuba amakumbukira mapulani awo ali kale m'kati mwa nyumba. Kwa Kamba likukhala ngati linapangidwira iyeyo.

Ma +1 a thandizo ndi a katundu tawachotsa onse. Tsopano ukakhala pabwino uponya madayisi atatu n'kutenga awiri aakulu, ndipo dayisi yowonjezera ndi imodzi basi, kaya akukuthandiza anthu atatu ndi uchi pamwamba. Madayisi atatu amagwa m'njira 216. Kwa amene ali ndi +2, kulephera kuli pa njira 11, pafupifupi 5 peresenti, ndipo kupambana kotheratu kuli pa 147. Ndi zochuluka ndithu, koma sizifika pa +4 uja, ndipo kupitirira apo kulibe. Wopanda chowonjezera amapindula kuposa wa +2: kulephera kwake kumatsika kuchoka pa 41.7 peresenti kufika pa 19.4. Ndiye kuti thandizo likupita kumene likufunika, osati kwa amene anali wokhuta kale.

Loweruka linanso

Taseweranso nkhani ya anyani ija ndi malamulo atsopano. Alamu ananamiza mlonda wa pakhomo monga kale, chitsekerero n'kugwa pakati pa tebulo. Atafuna kunamizanso ng'ona, amene amasewera Fisi anawagwira mkono: "Alamu, ngongole zanuzi tidzalipira ndife. Tasiyani kaye." Aka kanali koyamba kuti wina aletse Kalulu popanda ine kulowererapo, ndipo anamuletsa chifukwa cha malamulo, osati chifukwa chotopa naye.

Koma kapu ya Kamba inali idakali yopepuka, ndipo apa vuto silinali papepala. Mphwanga ndiye wamng'ono pa tonse. Ndikafunsa kuti "mutani?", iye amadikira achimwene alankhule, kenako alamu, ndipo pofika kwa iye zonse zagamulidwa kale, amangoti "inenso ndili pomwepo." Anatilera choncho, ndipo si choipa. Koma malamulo ambiri a masewerowa analembedwa poganiza za tebulo limene aliyense amalumphira pakamwa pa mnzake. Pathu wamng'ono sadula mawu a wamkulu, ngakhale wamkuluyo akusewera fisi. Ungamupatse lamulo lamphamvu chotani, ngati alibe polowera siligwira ntchito.

Ndiye theka lachiwiri ndinasintha kafunsidwe. M'malo moponya funso pakati, ndimatchula nyama, ndipo ndimayambira kwa Kamba: "A Kamba, anyani akutsika phiri, inu muli pati?" Kutchula nyamayo ndi ulemu wake kunathandizanso, chifukwa amene akuyankha si mwana wa m'nyumba, ndi a Kamba. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Ine ndinanyamuka dzulo. Ndili kale m'chitsimemo, pamsana ndapaka ulimbo." Anaponya 8. Mfumu ya anyani inakanirira, koma cholipira chake chinali choti inamunyamula n'kuthawa naye kuphiri ali chimamatire. Gawo lonse lotsala linali la kukapulumutsa Kamba, ndipo achimwene foni sanaikhudze.

Zimenezi ndazilemba ngati lamulo, osati langizo chabe. Pa chochitika chatsopano chilichonse Wanthano ayambe kufunsa amene sanagamule kanthu pa chapitacho. Anthu ena anganene kuti zoterezi ndi luso la woyendetsa masewero, siziyenera kulowa m'buku. Ine sindikuvomera. Woyendetsa wozolowera atha kukonza malamulo opindika ali patebulo pomwepo, koma bukuli tikulembera mphunzitsi kapena wachinyamata amene sanaonepo masewero otere, ndipo iyeyo adzachita zimene zalembedwa. Ngati kulinganiza kuli m'mutu mwanga mokha, ndiye kuti sikuli m'masewero.

Zimene zikadali pamoto

Fisi sanakhazikike. Lamulo lake la Mphuno ndi Mdima limamupatsa dayisi yachitatu usiku ndi pofufuza fungo, ndipo limagwira bwino, koma masana amangotsatira anzake. Pali maganizo oti njala yake ikhale injini: akagonja ku dyera n'kuika gulu m'mavuto, alandire pointi yokulira. Ndikuopa kuti zingapatse munthu chilolezo chosokoneza anzake dala n'kumati ndi lamulo. Mwina pointiyo izibwera pokhapokha wosewera wina, osati iye, ndi amene wanena kuti "a Fisi, nyama ija simukuimva kununkhira?" Tiyesa njira zonse ziwiri.

Ngongole nazo zikufuna malire. Wanthano wouma mtima atha kuzisunga zonse n'kuzitsanulira pamodzi kumapeto, gulu n'kuphwanyika. Ndikuganiza zoti zikakwana zitatu patebulo, imodzi ilipidwe nthawi yomweyo.

Sitinayesenso masewero a anthu atatu opanda Njovu, ndipo ndikukayika ngati ngongole za Kalulu zingalipidwe popanda wamphamvu woima patsogolo. Kukula kwa nyama nakonso sikunalembedwe, kupatula kuti luso lililonse lidzathera pa +3.

Ntchito yotsatira ndi kulembanso mapepala anayi a nyama kuti lililonse likwane tsamba limodzi, kenako kupereka malamulo kwa gulu lina limene sitinasewere nalo, ine osakhalapo. Makapu ndi zitsekerero apita nazo, ndipo ndawapempha kuti akamaliza ajambule makapuwo asanakhuthule, anditumizire pa WhatsApp.